Madengu Makumi Asanu ndi Atatu a Nguluwe

Padangokhala, kalelo nyama zikadali ndi mabwalo awoawo, kunali mudzi umene mfumu yake inali Ntchefu, mayi wofatsa amene anali atangolowa ufumu m'malo mwa malume ake. Mudziwu unali ndi mbewu ya mtedza ya onse. Mfumu inkaipereka kwa alimi kuti aibzale. Mlimi akakolola ankatapako chakudya cha banja lake, zotsalazo n'kuzibwezera m'nthaka mvula yotsatira, kuti mbewu ya mudzi izichuluka. Kukagwa chilala, onse ankapulumukira pamenepo. Lamulo lake linali limodzi: mlimi wowononga mbewu ya mudzi ankalandidwa munda n'kusamutsidwa.

Alimi a mbewuyi anali awiri. Wamkulu anali Nguluwe, nduna ya nkhokwe, wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu. Winayo anali Nkhwali, mayi wamasiye wosalankhulalankhula.

Tsiku lina, atatha kukolola, mfumu inati: "Ndikufuna ndione mbewu yathu ndi maso anga. Aliyense abwere nayo pabwalo."

Nguluwe anandanda madengu makumi asanu ndi atatu. Nkhwali anaika ake pambali, asanu ndi atatu basi.

"Amfumu, maso muli nawo," anatero Nguluwe. "Uwu ndi mulu wanga, ako ndi ka mayiyu. Akutiwonongera mbewu ameneyu. Mundawo ndi madenguwo mundipatse ine, iye alowere kwawo."

Nyama zambiri zinavomereza, chifukwa ndani angatsutsane ndi wosunga nkhokwe? Nkhwali anangozyolika.

Pamenepo panaimirira Gologolo. Ameneyu anali chinjira wa Nkhwali, mnzake wa pamtima, ndipo chaka cha njala, iye atagona osatha kudzuka, Nkhwali ndiye ankamuphikira phala la madeya n'kumamumwetsa. Gologolo anawomba m'manja n'kugwada.

"Zikomo bwalo. Amfumu, mulu waukulu ndauona, koma mtima wanga wakana. Ndiloleni ndifunseko."

"Iwe ukudziwa chiyani za ulimi?" anatero Nguluwe. "Ntchito yako n'kukwirira mtedza kenako n'kuiwala pamene wakwirira."

Bwalo linaseka. Mfumu inakweza dzanja.

"Mayi Gologolo, ndikupatsani mabwalo atatu. Mukationetsa kuti Nkhwali sanawononge mbewu, akhala."

"Akalephera katatu konse, apite limodzi ndi mnzakeyo," anatero Nguluwe.

"Mwavomera zimenezo?" inafunsa mfumu.

"Ndavomera," anayankha Gologolo. "Ndipo bwalo loyamba likhale lomweli. A Nduna, madengu amene munapatsidwa poyamba anali angati?"

"Makumi awiri."

"Nanga iwe chinjira?"

"Anayi," anatero Nkhwali ndi mawu otsika.

"Mwamva, amfumu? Uyu anapatsidwa ambiri, uyu ochepa. Tingayerekeze bwanji milu yawo?"

Mfumu inagwedeza mutu kuvomereza. Koma Nguluwe sanatekeseke.

"Wafunsa bwino, ndipo wadzitchera wekha. Makumi awiri asanduka makumi asanu ndi atatu. Ndiye kuti dengu langa lililonse lakhala anayi. A Nkhwali anayi asanduka asanu ndi atatu. Dengu lake lililonse lakhala awiri. Anayi ndi awiri, chachikulu n'chiti?"

Gologolo anawerenga pa zala, nabwereza. Zinali zoona.

"Bwalo loyamba lapita," inatero mfumu. "Tionane mkuja."

Pobwerera, Nkhwali anati: "Wadziputiranji mavuto? Ine ndikamange akatundu, iwe ukapepese kwa a Nduna. Mwina akusiya."

"Usamange kanthu," anatero Gologolo.

Kuti mnzake asalire panjira, anayambitsa kanyimbo kamene anangokapeka pomwepo. Kanali kofunsa mbewu kuti inalowa m'nthaka ingati ndipo inatuluka ingati, ndipo kumapeto kwake kunali polandizana, ngati nyimbo ya pamtondo. Nkhwali analandira mwaulesi, kenako anasiya.

"Chimene chikundipweteka," anatero, "n'chakuti ndangolima mvula ziwiri zokha. Akanandisiya pang'ono."

Gologolo anaima chilili pakati pa njira.

"Wati mvula zingati?"

"Ziwiri."

"Nanga Nguluwe walima zingati?"

Nkhwali sankadziwa, popeza anabwera m'mudzimo ndi ukwati Nguluwe ali kale pa nkhokwe. Gologolo naye anali asanayambe kusamala za mabwalo nthawi imeneyo. M'mawa mwake anapita kwa Nungu, nduna ya chitsime, amene anakhala pa udindo zaka zisanu ndi ziwiri.

"Achimwene, Nguluwe analandira liti mbewu ya mudzi?"

Nungu anayang'ana uku ndi uku. "Mlongo wanga, ine ndili ndi ana. Kukavuta timakapempha kwa yemweyo. Musandilowetse m'zimenezi."

Gologolo anapita kwa ena atatu achikulire. Wina anati waiwala, wina anati mutu ukumupweteka, wachitatu anatseka chitseko asanamve n'komwe funsolo. Gologolo sanabwerere kunyumba kukadandaula. Anakapempha chimera, nafulula thobwa mtsuko wathunthu.

Tsiku la bwalo lachiwiri anafika atasenza mtsukowo, akuimba kanyimbo kake kaja. Tsopano anali atawonjezera funso lachitatu, lofunsa mbewuyo kuti yagona mvula zingati m'manja mwa mlimi. Anapiye a Nkhwali ndi ana ena a m'mudzi anali atakagwira kale, ndipo ankalandira kumbuyo kwake. Gologolo anatula mtsuko pansi n'kugwada.

"Zikomo bwalo. A Nduna, mbewu yanu yakhala kanayi, tavomera. Koma mwakhala nayo zaka zingati?"

"Zitatu," anatero Nguluwe osaphethira. "Anandipatsa ndi malemu malume awo a amfumu, atatsala pang'ono kutisiya."

Mfumu inayang'ana akuluakulu. "Ndi choncho?"

Akuluakulu onse anayang'ana pansi. Wina anakhosomola.

"Ngati zili zitatu, ndilibe mawu," anatero Gologolo. "Kunja kwatentha, amfumu. Ndabwera ndi kathobwa, bwalo linyowetse kukhosi."

Mwambo wa pabwalopo unali wakuti mfumu ikamwa, chikho chimapita kwa nduna imene yakhalitsa pa udindo, ndipo Nguluwe ndiye ankalandira nthawi zonse. Gologolo anatunga, napereka kwa mfumu. Anatunganso. Nguluwe anatambasula kale manja, koma Gologolo anamudutsa ngati chitsa, nakagwada pamaso pa Nungu.

"Landirani, akuluakulu."

"Iwe!" anakuwa Nguluwe. "Chikho chimenecho n'changa!"

"Pepani a Nduna, mumwa pambuyo. Unduna wa nkhokwe umayamba tsiku lolandira mbewu, ndipo mwanena nokha kuti zanu ndi zitatu. A Nungu ali ndi zisanu ndi ziwiri. Akatha iwowa amwa a Mbira, ali ndi zisanu. Inu ndinu ana pabwalo pano. Mwinanso mungasunthe pang'ono, mpandowo akhalepo achikulire."

Ana aja anaseka. Akazi anabisa nkhope m'nsalu. Nungu analandira chikho.

Nguluwe anadzambatuka, mpando n'kugwera uko.

"Ine mwana? Ine kumwa pambuyo pa Mbira? Mbewu ija ndinailandira Nunguyu asanamere n'komwe minga! Zaka khumi ndi ziwiri ndili pa nkhokwe ine! Khumi ndi ziwiri!"



"Khumi ndi ziwiri," anabwereza Gologolo, natenga chikho kwa Nungu n'kumupatsa Nguluwe ndi manja awiri. "Imwani, akuluakulu."

Nguluwe anazindikira chimene wachita. Anamwa thobwalo pang'onopang'ono, maso ali pa chikho, mutu ukugwira ntchito. Atamaliza anapukuta pakamwa.

"Lilime linaterereka poyamba paja, amfumu, ukalamba. Ndi khumi ndi ziwiri ndithu. Tsono tiyeni tiwerenge pa chaka, poti ndi zimene akufuna mayiyu. Ine ndawonjezera madengu makumi asanu ndi limodzi pa zaka khumi ndi ziwiri. Ndiye kuti asanu chaka chilichonse. Nkhwali wawonjezera anayi pa zaka ziwiri. Awiri pa chaka. Asanu ndi awiri, chachikulu n'chiti?"

"Koma inu munayamba ndi ambiri!" anatero Gologolo.

"Za kuyamba ndi ambiri tinathana nazo bwalo loyamba, ndipo unagonja. Lero wabwera ndi za zaka, wagonjanso. Ukufuna tizingozungulira?"

Nyama zinayamba kung'ung'udza kuti a Nduna akunena zoona. Gologolo ankamva mumtima kuti penapake pakhota, koma sanathe kupaloza.

Kenako mfumu inati: "A Nduna, mwanama pabwalo langa, ndipo zimenezo sindiiwala. Koma mlandu uno ndi wa mbewu, ndipo asanu aposa awiri. Mayi Gologolo, latsala limodzi."

Tsiku limenelo Nkhwali anamanga akatundu ake osafunsa munthu. Gologolo atafika m'mawa anapeza miphika ili m'dengu, mphasa zitapindidwa. Anamasula mphasa imodzi, naiyala, nakhalapo.

"Bwera ndi lichero ndi mtedza pang'ono. Sindichoka pano mpaka ndione pamene akutinamizira."

Anakhala pamenepo dzuwa mpaka kufika pamutu, akuika mtedza milumilu, kuphwasula, kuikanso. Nkhwali anamupatsa mbatata, iye osaiona n'komwe.

"Tandiuza," anatero Gologolo. "Akanakusiya mvula zina ziwiri, ukanawonjezera anayi ena?"

"Anayi bwanji? Panopa sindibzalanso anayi, ndibzala asanu ndi atatu. Obadwawo nawonso amabala."

"Obadwawo nawonso amabala," anabwereza Gologolo.

Anasesa lichero lonse, naika kamtedza kamodzi kumanzere, kena kumanja. Ka kumanzere anakatcha dengu la Nguluwe, ka kumanja dengu la Nkhwali. Anayamba kuwerenga mvula, kuchokera pa yoyamba mpaka ya khumi ndi chiwiri, akuwonjezera mtedza uku ndi uku. Atafika kumapeto, mbali ya kumanja inali itasefukira pamphasa. Nkhwali anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye ukanene zimenezi mawa. Utenge lichero lomweli."

"Ayi. Ndalankhula kawiri, kawiri konse andiseka. Pabwalo paja nambala imakhala yoona ikatuluka m'kamwa mwa mwini nkhokwe. Akawerenga yekha."

"Angavomere bwanji?"

"Ndibwereke dengu lako lalikulu lija. Ndipo akatunduwa usamasule. Mawa ubwere nawo pabwalo, uzilira ndithu."

"Kulirako sindichita kuyeserera," anatero Nkhwali.

Bwalo lachitatu kunabwera mudzi wonse. Nkhwali anakhala pambali ndi mitolo yake ndi anapiye ake. Gologolo anatulukira atasenza dengu lodzaza mtedza, nalonso phukusi lake lili kumsana. Kanyimbo kaja ankakaimba ndithu, mafunso ake atatu onse, koma mokoka ngati nyimbo ya pamaliro, moti ana anachita mantha kulandira. Gologolo anatula dengu patsogolo pa Nguluwe.

"Zikomo bwalo. Amfumu, ndagonja. A Nduna ndi mlimi, ife ndife ongoyesa. Ndanyamuka ndi chinjira wanga lero lomwe."

Nguluwe anakhala bwino pampando, namwetulira.

"Koma ndinawanyoza akuluakulu pamaso pa ana," anapitiriza Gologolo, "ndipo sindifuna kuchoka ndi mlandu. Dengu ili ndi chipepeso changa. Kungoti dengu limodzi n'lochepa kwa munthu ngati iwowa. Ndiye ndapempha chonchi: ndipite nalo kumene ndikupitako, ndikalibzale, ndipo pakatha zaka khumi ndi ziwiri ndidzabwere ndi zonse zimene labala, zikhale zawo. Bwalo likhale mboni, ndipo nambala yake tipangane lero, kuti ndisadzabere."

"Mwamva, a Nduna?" inafunsa mfumu.

"Ndamva. Mwanayu ulemu wayamba kuudziwa. Zikhale zanga ndithu, osati za mudzi."

"Zanu zokha," anatero Gologolo. "Tsono ine ulimi wanu wapamwambawo sindiutha. Ndikalima mmene amalimira Nkhwali, movutikira momwemo, dengu kukhala awiri pa mvula ziwiri. Ndiwerenge. Zikatha zaka ziwiri, madengu awiri. Zikatha zinayi, atatu. Zisanu ndi chimodzi, anayi. Zisanu ndi zitatu, asanu. Khumi, asanu ndi limodzi. Khumi ndi ziwiri, asanu ndi awiri. Ndidzabwera ndi madengu asanu ndi awiri, a Nduna."

"Wayamba kale kuba!" anatero Nguluwe.

"Ndalakwitsa pati?"

"Ukuwonjezera limodzilimodzi ngati kuti ukubzala dengu lomwelomwelo! Awiri ajawo sudzawabzala onse? Amfumu, mundimvere, kamayi aka kakufuna kandidyere pamaso panu. Zaka ziwiri, awiri. Awiriwo abala, zaka zinayi, anayi!"

"Anayi? Osati atatu?"

"Anayi! Zisanu ndi chimodzi, asanu ndi atatu! Zisanu ndi zitatu, khumi mphambu asanu ndi limodzi!" Nguluwe anali ataimirira, akuponda pansi pa nambala iliyonse, malovu akudontha. "Zaka khumi, makumi atatu mphambu awiri! Khumi ndi ziwiri, makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi! Likachepa limodzi ndidzakulondola komweko!"

Gologolo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi, kuchokera pa dengu limodzi? Mwatsimikiza, a Nduna?"

"Ndine wa nkhokwe ine. Sindiphonya."

"Amfumu, amenewo andipha. Sindingakwanitse. Ndisintheko pempho langa. Ulimi wa Nkhwali ndausiya, ndikayesetsa kulima ngati a Nduna eniake, poti ndiwo mlimi weniweni. Tiuzeni, akuluakulu: m'manja mwanu, dengu limodzi pa zaka khumi ndi ziwiri limakhala angati?"

Phazi limene Nguluwe anali atakweza analitsitsa pang'onopang'ono.

"Yankhani," inatero mfumu.

"Zimatengera mvula, amfumu."

"Munatiuza pabwalo loyamba. Ndikufuna ndimvenso."

"Anayi."

"Kwezani mawu, akumbuyo sanamve."

"Anayi!"

Nungu ndiye anayamba kuseka. Anayesa kudzigwira, minga yonse ikugwedezeka, koma zinakanika, ndipo bwalo lonse linamutsatira. Gologolo anamasula phukusi kumsana, naliika pansi, naima mowongoka.

"Amfumu, nambalazi si zanga, ndi za mwini nkhokwe. Dengu lomwelo, zaka zomwezo: kwa a Nduna anayi, kwa Nkhwali makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi. Mbewu ya a Nduna imadikira mvula zisanu ndi imodzi kuti ikhale pawiri. Ya Nkhwali imadikira ziwiri. Mulu wawo wakula chifukwa anapatsidwa zambiri n'kukhala nazo nthawi yaitali, basi. Ndipo mwaona nokha kuti kuwerengaku amakudziwa bwino. Amangokuiwala mbewu ikakhala ya mudzi."

Mfumu inadikira phokoso lithe.

"Mayi Nkhwali, masulani mitolo yanu. Munda ndi wanu. Komabe ndisakunamizeni: mwalima mvula ziwiri zokha, ndipo zonse zinali zabwino. Zikubwerazo sitikuzidziwa, mwina makumi asanu ndi limodziwo sadzakwana. Choncho sindikusenzetsani mbewu yonse. Mutenga theka la madengu a Nduna aja, theka linalo tigawira ena amene akufuna kuyesa. Ndipo kuyambira lero, tikakolola, mlimi aliyense aziwerengetsa pabwalo pano chaka ndi chaka, osadikira kuti zaka ziunjikane. A Nduna, makiyi a nkhokwe asiyeni apa."

Nkhwali anagwira dzanja la Gologolo n'kulifinya.

Nguluwe anaponya makiyi pansi. Anayenda mapazi atatu, kenako anatembenuka.

"Unduna mwalanda, chabwino. Koma dengu ili anandipatsa yekha pamaso pa mboni. Ili ndi langa."

"Tengani, akuluakulu," anatero Gologolo. "N'lanu kuyambira kale."

Nguluwe analikoka mwaukali kuti alisenze. Dengulo linali lopepuka kuposa mmene ankaganizira, ndipo linapitirira mutu wake n'kukagwa chadodolido. Mtedza unali wapamwamba pokha, wongophimbira. Pansi pake ponse panali makoko okhaokha, otafunidwa, ndipo anamwazika bwalo lonse mpaka kumapazi a mfumu.

Mfumu inatola khoko limodzi, niliyang'ana. Linali ndi chibowo cha dzino lalikulu.

"Mayi Gologolo, awa mwawatenga kuti?"

"Kudzala la kuseri kwa nyumba ya a Nduna, amfumu. Ndinangotapa pamwamba. Amene ali ndi madengu opanda ntchito atsagane nane, tikaone pamene panapita mbewu yathu."

Mudzi wonse unanyamuka ndi madengu. Anatuta mpaka dzuwa kupendeka, osafika pansi pa dzalalo. Nguluwe sanadikire kuti amalize.

Yanga yathera pamenepa. Wotsatira aponye yake.